Dzina Langa m'Kabuku ka Odwala

Mpingo wathu wa Amalawi ku Leicester unali ndi kabuku kachikuto chobiriwira, ndipo dzina langa linagonamo zaka zitatu ndi miyezi. Kanali kabuku ka odwala. Tinkapemphera Lamulungu masana mu holo yobwereka cha ku Spinney Hill, kuseri kwa butchala, chifukwa m'mawa eni holo ankakhala ali momwemo. Ambiri tinali anamwino ndi osamalira okalamba, ndipo ena ankabwera yunifolomu ili mkati mwa jekete, maso ali psuu, akuchokera ku shifiti. Ulaliki ukatha, mayi mmodzi ankaimirira, kuvala magalasi, kutsegula kabuku kaja n'kuyamba kuwerenga. Dzina, kenako nthenda. Uje, shuga. Uje, msana. Uje, bambo awo kumudzi, sitiroko. Dzina lililonse likatchulidwa, mpingo wonse unkabuula pamodzi motsitsa. Ndiye pankafika ine. Dzina langa, kenako liwu limodzi: mwendo.

Ndinkakhala ndili pomwepo, mzere wachitatu, nditasamba, nditadzola, nditakhuta, n'kumamva holo yonse ikundibuulira.

Kabukuko kanali ndi lamulo lake, losalembedwa koma lodziwika kwa aliyense. Dzina linkatulukamo pa makomo awiri okha. Ukachira, unkapita kutsogolo, kuthokoza, kuyambitsa nyimbo, ndipo mayi uja ankadula dzina lako ndi rula anthu akuona. Ukamwalira, dzina linkasamukira ku zolengeza za maliro. Ine mwendo wanga wamanzere anaudula pamwamba pa bondo, ndipo mwendo suphuka ngati chinangwa. Khomo loyamba linali lotseka. Ndiye kunena mosabisa, ndinali pamzere wodikira khomo lachiwiri, ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu.

Mayi wa kabukuyo tonse tinkangowatchula kuti Asisita, chifukwa kumudzi anali sisita wa wodi imene ine ndinayambira ntchito. Ndiwo anandiphunzitsa kubaya jakisoni, ndiwo anandikalipira atandipeza ndikulira limodzi ndi wodwala, ndiwonso anandilembera kalata kuti ku Mangalande akufuna anamwino. Nditafika ndinagona pa sofa pawo miyezi inayi. Kuno usisita wawo unatsalira pa bwalo la ndege. Ankasintha matewera a nkhalamba mofanana ndi ine, m'nyumba yosamalira okalamba ku Wigston. Koma msana wawo unali wowongoka monga kale, ndipo akakuyang'ana pamwamba pa magalasi unkayamba waona ngati mabatani ako onse ndi omanga. Sindinawayankhepo mwamwano ngakhale tsiku limodzi.

Mwendo unapita m'nyengo yozizira. Tsikulo linali langa lopuma. Asisita anaimba foni m'mamawa kuti chimfine chawagwetsa, ndikawagwirire shifiti. Ndinavala ndikunyinyirika n'kukaima pa siteji ya basi. Msewu unali woterera ndi madzi oundana. Vani ina inalephera kukhota, n'kumatsetsereka cham'mbali pang'onopang'ono, moti ndinali ndi nthawi yoiyang'ana ndi kuganiza kuti iima. Sinaime. Zotsatira zake ndinachita kumva kwa ena.

Anthu a mpingo wathu ndisawanamizire. Masabata onse amene ndinagona m'chipatala, panalibe tsiku limene dzuwa linalowa ndisanaone nkhope yakwathu. Amayi ankasinthana, wina akuchokera ku shifiti, wina akupita, atanyamula phala mu fulasiki, malalanje, nthochi. Ankandiluka tsitsi, kundipaka mafuta kumsana, kundiimbira motsitsa kuseri kwa katani. Gogo wachizungu wa pa bedi loyandikana anandifunsa ngati kwathu ndine munthu wotchuka. Kuzonda odwala timakudziwa ife, palibe amene angatiphunzitse. Chimene sitidziwa n'kusiya.

Ndinatuluka m'chipatala, ndinaphunzira kuyenda ndi mwendo woikirira, ndinaphunzira kukwera basi, ndinabwerera kuntchito komwe anandipatsa tebulo la mankhwala ndi mafailo. Koma Lamulungu likafika ndinkasanduka wodwala. Moni wake unali wopendeketsa mutu, mawu otsitsa: kaya zikusinthako? Ndikagwira tsache, wina ankalilanda. Ndikalowera kukhitchini kukatsuka makapu a tiyi, ankanditembenuza ndi manja awiri n'kundikhazika pampando, wina n'kundifunditsa shawelo m'miyendo. Mlaliki wina wodzacheza anandiitanira kutsogolo kuti andipempherere, ndipo poti ndinali nditavala siketi yaitali, anasanjika dzanja pa bondo langa labwinobwino n'kulikalipira kwa nthawi ndithu. Sindinamuuze. Ndinangoima n'kumaona thukuta lake likugwera pa nsapato yanga.

Chaka chachiwiri chikutha ndinawapeza Asisita akupinda nsalu ya patebulo, anthu atayamba kutuluka.

"Asisita, dzina langa lija mulichotse."

"Wachira?"

"Sindikudwala."

"Ndafunsa kuti wachira?"

Iwo anaika kabuku m'chikwama, kutseka zipi, n'kunena kuti mpingo sutopa kupempherera ana ake. Ndinakwera basi ya ku Wigston. Ndinali wokwiya ndi iwo, wokwiya ndi kabuku, wokwiya ndi ine mwini chifukwa cha ulemu umene unanditseka pakamwa. Ukali umenewu ndinayenda nawo miyezi yambiri, wopanda poutula.

Poutula ndinapapeza pa benchi ya kuchipatala chokonzera miyendo yoikirira. Pambali panga panali mzungu wina wadazi wa ku Derby, miyendo yonse iwiri yodulidwa, amene kale ankayendetsa malole. Ameneyu sanayang'ane mwendo wanga. Anayang'ana mapewa, n'kufunsa ntchito imene ndinkagwira. Ndinati kunyamula nkhalamba, ndipo ndisanayambe zimenezo, ndowa za madzi ndi munsi. Anagwedeza mutu n'kunena kuti nkhope yanga ndi ya munthu amene akufuna kumenya wina, ndipo iye akudziwa malo amene zimenezo n'zololedwa. Anali kochi wa timu ya hoki ya pa ayezi, ya anthu osewera atakhala pansi. Ankaphunzira Lamulungu masana ku Nottingham, chifukwa ku Leicester kunalibe bwalo la ayezi. Lamulungu masana, nthawi yeniyeni ya kabuku. Ndinamufunsa kuti anditenge nthawi yanji.

Masewerawo ali chonchi. Umakhala m'kampando kothina, kamene kali pa chitsulo chachitali chokhala ndi mipeni iwiri pansi. Chonsecho amachitcha sileji. Amakumanga malamba m'chiuno ndi m'ntchafu kuti iwe ndi sileji mukhale chinthu chimodzi. M'manja umagwira ndodo ziwiri zazifupi. Mbali ina ya ndodo ili ndi mano achitsulo ojoba pa ayezi kuti udzikankhe, mbali inayo ndi yomenyera kampira kakuda kaphwatalala, kolimba ngati chidendene cha nsapato. Cholinga n'kukalowetsa m'golo, monga mpira uliwonse. Kusiyana kwake n'koti munthu amene ali ndi kampirako ukhoza kumugunda ndi phewa mpaka akamenyetseke kukhoma, ndipo woimbira amangoyang'ana.

Tsiku loyamba chinthu chimodzi chinandiyendera. Amuna achizungu ongoyamba kumene ankabuula ndi kakhalidwe ka m'sileji, mwendo uli tambalale kutsogolo, msana uli chilili. Ankati mitsempha ikukoka, chiuno chikuthyoka. Ine ndinangokhala ngati ndafika kwathu. Mkazi wakwathu amakhala choncho pamphasa kuyambira ali kamtsikana, kumaliro, kutchalitchi, posankha nyemba, amuna ali pamipando. Kochi anafunsa kuti ndinaphunzira kuti, ndipo ndinamuuza kuti kwathu akazi tonse tinachita kosi imeneyi mokakamizidwa.

Zina zonse zinandivuta. Mipeni iwiri ija ndi yoyandikana, ndiye ukangopendekeka pang'ono wagwa cham'mbali, tsaya pa ayezi, sileji ili m'mwamba. Ndinagwa ndisanathe ngakhale mikono isanu. Ndinagona pomwepo n'kumadikira manja, pakuti zaka zonsezo ndikangotsetsereka pang'ono manja khumi ankafika ndisanagwe. Palibe anabwera. Kochi anadutsa pafupi ndi mutu wanga n'kunena kuti ndidzuke, ndikutseka njira. Ndinamutukwana m'Chichewa, ndinajoba ndodo, ndinakankha ndi chigongono, ndinagwanso mbali inayo, kenako ndinadzuka ndekha. Sabata yachitatu mnzathu wina anandigunda mwamphamvu mpaka mano anagundana mkati mwa chipewa chotetezera mutu. Anatenga kampira n'kumapita osatembenuka, osanena pepani. Ndinali nditadya pepani m'mawa, masana ndi madzulo kwa zaka pafupifupi zitatu. Ndinatsamira khoma lija n'kuyamba kuseka, misozi ikutsika, moti kochi anaganiza kuti ndavulala mutu.

Ndinasewera nyengo zisanu ndi ziwiri, mpaka phewa lamanja linakana. Sindinakhale katswiri, ndipo zigoli zanga zonse ndikhoza kuziwerenga ndi zala. Ntchito yanga inali kumbuyo, kutchinga, ndipo otsutsana nafe anafika podziwa kuti mbali ya mkazi wakuda uja sikodutsa. Tinayenda m'mizinda yambiri pa vani ya kochi, masileji ali kumbuyo, fungo la magolovesi onyowa lili thothotho. Koma masewero amene ndimawakumbuka kuposa onse ndi a nyengo yanga yoyamba, chifukwa cha anthu amene anadzaonera.

Nditasowa kumpingo masabata anayi otsatizana, Asisita anaimba foni. Ndinawauza zoona, koma zoperewera dala. Ndinati Lamulungu lililonse ndimapita ku Nottingham ndi anzanga oduka miyendo, ndipo timabwerako titatopa, matupi akuwawa. Ndinamva kupuma kwawo pa foni ndipo ndinadziwa zimene amva, koma sindinawongole. Lamulungu lotsatira analengeza kuti matenda anga akula, tsopano ndikulandira chithandizo ku chipatala chachikulu ku Nottingham, mpingo ulimbikire kupemphera. Ndinamva zimenezi kwa mnzanga wakuntchito n'kuseka. Kuseka kunatha pamene ndinagula khadi la foni n'kuimbira mayi anga kumudzi. Nkhani inali itafika kale, monga mwa nthawi zonse, kudzera kwa mlamu wa winawake. Mayi anali asanadye masiku awiri. Ankalira kuti ndikuwabisira, kuti amva kuti ndagonekedwanso, kuti mwina akudula winawo. Khadi linatha ndisanawakhutiritse kuti ndili bwino.

Pamenepo mtima unandipsa zenizeni. Kabuku kaja sikanalinso kongondichititsa manyazi mu holo. Kanali katawoloka nyanja n'kukasowetsa tulo nkhalamba imene inali italira kale mwendo umodzi mokwanira. Ndinalemba adiresi ya bwalo la ayezi pa pepala, tsiku ndi nthawi ya masewero athu otsatira, omwe anali a Loweruka masana, n'kuwapatsa Asisita kuntchito. Ndinati ngati mpingo ukufuna kudzandizonda, ubwere pamenepa. Sindinawonjezere liwu lina.

Anabwera amayi asanu ndi awiri pa minibasi yobwereka. Anavala monga timavalira pokazonda: mabulauzi oyera, zitenje pamwamba pa mathalauzi, mipango kumutu. Ananyamula mafulasiki awiri a phala, jumbo la malalanje ndi bulangete latsopano. Mtsikana wogulitsa matikiti anandiuza pambuyo pake kuti mayi wamagalasi anamufunsa katatu konse kuti wodi ya oduka miyendo ili mbali iti. Anawalozera ku mabenchi. Ndinawaona akulowa ndili kale pa ayezi, akutsika masitepe mogwirana manja, akuyang'ana uku ndi uku, mpweya ukufuka m'kamwa. Anakhala mzere woyamba, kuseri kwa galasi lotchinga bwalo. Ataona anthu olumala ambiri chotere ali pansi, pamalo ozizira, opanda ngakhale mphasa, anachita chimene ankadziwa. Anaweramitsa mitu n'kuyamba nyimbo yathu ya odwala, motsitsa, m'mawu atatu. Inamveka bwino m'bwalomo, sindikana. Anyamata a timu inayo anasiya kumenya timipira n'kutembenuka. Kochi anandiyang'ana, ine n'kumuuza kuti ndi abale anga, asadandaule, ayamba kale kutipempherera.

Wezulo italira, nyimbo inaduka pakati. Ndikuganiza kuti chinawadula ndi phokoso, chifukwa hoki ya pa sileji ndi yaphokoso: mano a ndodo akujoba ayezi, zitsulo zikugundana, matupi akumenyetseka kukhoma. Timu inayo inali ndi chimzibambo cha ndevu zofiira, chopanda miyendo yonse, chimene chinkatembenuka mofulumira koopsa. Chinandidutsa kawiri m'chigawo choyamba, ndipo kachiwiriko chinagoletsa n'kundikodola ndi ndodo. Kachitatu chinabwera cha kukhoma, mbali imene kunali amayi aja. Ndinachiona chikubwera, ndinajoba ndodo katatu ndi mphamvu zanga zonse, ndipo sindinganame kuti ndinkaganiza za kampira. Ndinkaganiza za shawelo m'miyendo, za tsache lolandidwa, za mayi anga osadya. Galasi linagwedezeka pamaso pa Asisita penipeni. Chimunthu chija chinagona chagada, chipewa chitapendekeka.

Ndinali nditachigunda ndi mutu wa sileji, zomwe n'zoletsedwa, ndiye woimbira anandipatsa mphindi ziwiri za chilango. M'bwalo limenelo masileji sankatha kulowa m'kachipinda ka olangidwa, choncho wolakwa ankakhala pa ayezi pomwepo, m'mbali mwa khoma. Malo ake anali pansi penipeni pa amayi aja. Ndinakakhala pamenepo ndikupuma wefuwefu, nthunzi ikutuluka m'khosi mwa jezi, n'kukweza maso. Nkhope zisanu ndi ziwiri zinali pa galasi. Wina anali atagwira kukamwa. Wina anali atakumbatira fulasiki. Mayi wina wa ku Zambia, amene ankapemphera nafe chifukwa anakwatiwa ndi Mmalawi, anamenya galasi ndi chikhatho n'kukuwa kuti, "Mumenye futi, mwana wa amayi!" Anzake anamukoka chitenje. Asisita okha sanasunthe. Ankandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo ine sindinagwetse maso mpaka mphindi ziwiri zinatha.

Tinagonja tsiku limenelo. M'chigawo chomaliza wandevu uja anamenya kampira mwamphamvu kulunjika kugolo, ine ndinaponya dzanja, ndipo kanandipeza pa chala chapakati cha kumanzere. Ndinamva kuti thyo mkati mwa golovesi. Kampirako sikanalowe, ndipo ndinamaliza masewero ndikugwira ndodo ndi zala zotsalazo.

Chipinda chovalira cha timu ngati yathu chimadabwitsa munthu wachilendo. Miyendo yoikirira imakhala itaima m'mbali mwa khoma, ina itavala nsapato ndi sokosi, ina thalauzi lili lomwelo, eni ake ali pansi akumasula malamba. Poti mkazi ndinali ndekha, ndinkavalira m'kachipinda kapambali. Asisita analowa osagogoda. Anayamba aona mwendo wanga utatsamira benchi, utavala nsapato yakuda ya kuntchito, kenako anaona ine, chitsa cha ntchafu chili poyera, tsitsi lili nyankhalala, ndikulimbana ndi golovesi. Zaka zonsezo anali asanachionepo chitsacho chopanda bandeji. Anagwada, kuvula golovesi ija mwaluso, kutembenuza dzanja langa n'kudina chala chotupacho mpaka ndinaluma mano. Anatuma kuti kochi abweretse tepi yomangira ndodo, n'kuyamba kuchimangirira ku chala chinzake. Manja awo anali aja omwe a ku wodi, osanjenjemera.

Anayankhula maso ali pa tepi.

"Ndinakuimbira ndine tsiku lija. Chinali chimfine chabe. Ndikanatha kudzuka n'kupita ndekha, osakutuma kukandigwirira shifiti."

Mawu amenewa anali asanawanenepo, ndipo ine ndinali ndisanawaganizirepo kuti ndiwo ali pansi pa kabuku kaja. Ndinawamvera chisoni, koma chisonicho sichinazimitse ukali. Zinangokhala pamodzi.

"Asisita, vani ija simunkayendetsa ndinu. Ngati n'kukhululuka, ndinakhululuka ndisanatuluke m'chipatala, kungoti simunafunse. Koma zaka zitatu mukupepesa pamaso pa mpingo, ndipo wogonekedwa pabedi kuti inu mupepese bwino ndine. Amayi anga sakudya kumudzi. Ine ndatopa."

Anapitiriza kukulunga tepi. Ndinakweza dzanja lija pakati pa nkhope zathu.

"Mwendo sindikudwala. Unapita, basi. Ichi ndiye ndikudwala, ndipo chikuwawa zedi. Ngati mukufuna cholemba, lembani chimenechi. Chimachira."

Anadula tepi ndi mano, kuimirira, kusasa maondo, n'kundiuza kuti ndikajambulitse chalacho tsiku lomwelo, ndisachite makani. Kenako anatuluka. Phala lija linadyedwa ndi matimu onse awiri m'makapu apepala, ndipo wandevu zofiira anapempha lina. Bulangete analisiya pa benchi, ndipo ndili nalo mpaka lero.

Lamulungu lotsatira sindikanatha kugwira ndodo za hoki, ndiye ndinapita ku Spinney Hill. Ndinapita nditakonzeka. Ndinanyamula ndodo zanga zoyendera, zomwe ndinali nditasiya kalekale, ndipo anthu ataziona anapendeketsa mitu kuposa kale. Sankadziwa ntchito yake. Ndinali nditatsimikiza mtima kuti Asisita akangotchula liwu lija, ndiimirira, ndivula mwendo woikirirawo pamaso pa onse, ndiukhazika pampando wanga ndi nsapato yake kuti aziupempherera okha, ine n'kutuluka pa ndodo osabweranso. Sindinkaopseza. Ulaliki uli mkati ndinali nditamasula kale lamba wa m'chiuno pansi pa siketi. Ndipo zinkandiwawa, chifukwa anthu amenewa ndiwo anali abale anga onse m'dziko lino, ndipo ndinkadziwa kuti ndikatuluka choncho ndidzakhala ndekha.

Asisita anaimirira, kuvala magalasi, kutsegula kabuku. Uje, shuga. Mpingo unabuula. Uje, msana. Uje, mwana wawo, mphumu. Ndinagwira ndodo ndi dzanja labwinolo. Anatchula dzina langa n'kuima. Anaima nthawi yaitali moti mwana wina kumbuyo anafunsa mayi ake m'Chingerezi ngati zatha. Ndinaona Asisita akutulutsa bolopeni m'thumba la bulauzi, kukhwatcha liwu limodzi, kulemba lina pamwamba pake.

"Chala," anatero. "Chinathyoka pa mpira ku Nottingham. Ndipo timu yawo inagonja."

Mpingo unabuula monga mwa chizolowezi, kupatula mayi wa ku Zambia uja amene anaphulika kuseka n'kubisa nkhope m'chitenje. Kwa nthawi yoyamba kubuulako ndinakulandira, chifukwa chala chinkagunda ndi ululu ndipo chinkafunadi mapemphero. Ndinamanganso lamba uja mwakachetechete. Madzulo ake ndinagula khadi lina n'kuuza mayi anga kuti ndathyoka chala posewera mpira. Anandikalipira kuti mkazi wamkulu ngati ine ndikusewera mpira wanji, ndipo ndinamva kuti akutafuna chinachake uku akukalipa.

Chala chinatenga masabata asanu ndi limodzi, ndipo chinapola chokhota pang'ono. Lamulungu lachisanu ndi chiwiri ndinauza kochi kuti sindibwera. Itafika nthawi ya kabuku ndinanyamuka ndekha, ndikutsimphina monga ndimatsimphinira, n'kukaima kutsogolo. Ndinathokoza chifukwa cha phala lonse, malalanje onse ndi nyimbo zonse za kuseri kwa katani, ndipo ndinanena kuchokera pansi pamtima. Kenako ndinakweza chala chija n'kuchipinda katatu kuti aliyense aone. Ndinayambitsa nyimbo mokweza kwambiri moti amayi anavutika kuilandira. Asisita anaika kabuku patebulo, kugoneka rula, n'kudula dzina langa kuchokera kumayambiriro mpaka kumapeto. Mzerewo unakhota pang'ono chakumapeto, ndipo ndinadziwa kuti si vuto la rula.

Mapemphero atatha, anthu akumwa tiyi, ndinakhala pampando wanga mwa chizolowezi cha zaka zitatu. Asisita anadutsa atanyamula nsalu ya patebulo, anaima, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Makapu aja sanatsukidwe. Ukudikira ndani?"

Ndinalowa kukhitchini n'kupeza mulu wonse, ena ali ndi lipisitiki, ena ali ndi masikono onyowa pansi. Madzi otentha anali atatha. Ndinawatsuka onse ndi madzi ozizira, nditaima, ndikunyinyirika mokweza kuti anthu akuluakulu sadziwa kutsukuluza kapu, ndipo palibe amene anabwera kudzandilanda.